Mnyamata wa baseball amatha zaka 9 asanafike ligi yayikulu, ndi mmene zimakhalira?

Mphwanga_23:
Akuluakulu ndithandizeni, baseball ndangoyamba kuitsata ndiye zambiri sindikuzimvetsa. Ndimawerenga za Gift Ngoepe wa ku South Africa, akuti Pittsburgh Pirates inamusayinitsa mu 2008 koma gemu yake yoyamba mu MLB (Major League Baseball, ligi yayikulu ya ku America) anasewera mu 2017. Zaka 9 zonsezi anali kuti? Ankangokhala pa benchi kapena bwa? Komanso infielder ntchito yake ndi chani kwenikweni?

AdhaShortstop:
Pa benchi ayi aise, ankamenya gemu pafupifupi tsiku lililonse, kungoti kumunsi. Timu iliyonse mwa matimu 30 a MLB ili ndi matimu ake ang'onoang'ono omwe amati minor league, ndipo mwana akasayina amayambira pansi penipeni, rookie, kenako A, kenako Double-A, kenako Triple-A, apo ndiye wafika pakhomo. Gift anadutsa monsemo, Bradenton ku Florida, State College, Altoona, mpaka Indianapolis yomwe ndi Triple-A ya Pirates.

Infielder ndi amene amaima pafupi ndi ma base (malo amene womenya mpira amathamangira nkuponda), alipo anayi, wa first base, second base, third base ndi shortstop amene amakhala pakati pa second ndi third. Shortstop ndiye ntchito yowawa. Kuchoka base ina kufika inzake ndi mamita 27 basi ndipo womenya uja amathamanga pamenepo masekondi anayi ndi kanthu, ndiye mpira ukubwera ukunjanja pansi, uwutole ndi gulovu, uwusamutsire kudzanja linalo, utembenuke uponye ku first munthu asanaponde, ukangoti kaye ndiugwire bwino wadutsa kale. Gift apa ndiye panali pake, manja ake anthu ankawayamikira kuyambira kale.

MaiAkeTiya:
Inu mwafotokoza bwino koma simunanene chimene chinamuchedwetsa, ndi kumenya. Gulovu imakupezetsa kontrakiti koma chokukweza ndi bat. Mu baseball ukamamenya bwino katatu pa maulendo 10 ndiwe katswiri, iyeyo ankakhala pansi pa pamenepo ndithu ndipo ma strikeout (kutulutsidwa utalephera katatu kumenya bwino mpira) amachuluka. Poyamba ankamenya mbali zonse, kumanja ndi kumanzere kutengera pitcher (woponya mpira uja), kenako anasiya nkumangomenyera kumanja kuti mwina zisinthe.

Ine sindimudabwa ayi. Mwana wa ku Dominican Republic kapena ku Texas amakula akuona mipira yothamanga kwambiri kuyambira ali wamng'ono, pomwe ku South Africa baseball ndi kamasewera ka anthu ochepa, ma pitcher oopsa ukawapeza kuti? Kutola mpira ungaphunzire wekha pakhoma, koma diso lozindikira kuti uwu ukhota uwu sukhota limafuna munthu woti azikuponyera zenizeni. Ndiye anayamba mpikisano anzake ali patali kale.

Ndipo nkhani yakeyo imandikhudza mwe. Mayi ake ankagwira ntchito pa kalabu ya Randburg Mets ku Johannesburg, banja lonse nkumagona mkachipinda ka mu clubhouse momwemo, ndiye mwanayo akatuluka pakhomo kunja kwake ndi bwalo la baseball. Ma scout, ofufuza osewera aluso aja, anakamuona ku akademi ya MLB ku Tirrenia, Italy. Mayiwo anamwalira mu 2013, za MLB sanazione.

Mphwanga_23:
Eeh zomvetsa chisoni. Koma ndalama ankalandira zabwino eti, poti ndi ku America?

AdhaShortstop:
Kkkk ndalama zake ziti? Posayina anamupatsa $15,000, pomwe ana osankhidwa koyambirira mu draft (pomwe matimu amasankha osewera atsopano chaka ndi chaka) amatenga mamiliyoni. Nthawi imeneyo a minor league ankalipidwa miyezi ya sizoni yokha, ena sizoni ikatha nkumakagwira maganyu, kugona anthu angapo nyumba imodzi, maulendo a basi usiku onse mawa lake gemu. Zinasintha kwambiri mu 2023 atapanga mgwirizano kudzera mu yuniyoni, iye atadutsamo kale.

Koma tsiku lake linafika, pa 26 April 2017 akusewera ndi Chicago Cubs omwe anali atangotenga World Series, chikho cha MLB, chaka chapitacho. Analowa gemu ili mkati pa second base, ulendo wake woyamba kugwira bat anamenya single (kumenya mpira nkufika pa first base) kwa Jon Lester, osati pitcher wamba ameneyo. Ku South Africa kunali kutalowa kale 27 April, Freedom Day. Munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera MLB.

Chikaiko77:
Nkhani yokoma inde koma tisakometsere kwambiri. Chaka chimenecho anasewera magemu 28 okha pa 162, anamubwezanso ku Indianapolis, kutha kwa sizoni anamutumiza ku Toronto Blue Jays komwenso sanakhalitse mu 2018. Infielder wa gulovu yabwino koma bat yofooka amasanduka wogwirizira, wina akavulala amakuitana, akachira iwe bwerera. Ambiri osayina safika nkomwe pamenepo, amathera ku A kapena Double-A osadziwika ndi munthu. Mng'ono wake Victor nayenso anasayina ndi Pirates, infielder yemwenso, koma MLB sanaiponde.

MaiAkeTiya:
Zoona a Chikaiko, koma mwaiwala 2009 World Baseball Classic, ali ndi zaka 19 anamenya ma triple (kumenya nkufika mpaka third base) awiri gemu imodzi ndi Mexico. A Mphwanga kasakeni vidiyo ya hit yake yoyamba ija pa YouTube, muone mmene anakumbatirana ndi kochi wa pa first base, kenako mubwere tikuuzeni za double play poti ndikudziwa mufunsa.