Za mafuta a AHC pa Land Cruiser 100 ija

Paja ndinafunsa chifukwa chimene mafuta a sasipenshoni ya AHC (Active Height Control, imene imakweza ndi kutsitsa galimoto ndi mafuta) pa Land Cruiser 100 yanga amaonekera ochuluka lero, mawa ochepa, chonsecho pansi sipadontha kanthu. Yankho lapezeka, abale. Mafutawo amatsatira msinkhu wa galimoto. Ikakwera pa HI (msinkhu wapamwamba), pampu imawakankhira kumateyala ndipo m'kathanki kosungira mafutawo amatsika. Ikatsika pa LO (msinkhu wapansi) amabwerera. Ndiye poyeza imikani galimoto pamalo osapendekeka, injini ikulira, msinkhu uli pa N (wapakati), ndipo mafuta akhale pakati pa zizindikiro za MIN ndi MAX pa kathankiko.

Chandithandiza kwambiri ndi timizere ta m'mbali mwa kathankiko. Ndinatsitsa galimoto pa LO n'kumata katepi pomwe mafuta analekeza, kenako n'kuikweza pa HI. Kusiyanako kukachepera timizere 7, dziwani kuti mipira ya naitrojeni, imene imafewetsa mabampu, yatha mpweya. Pa yanga kusiyanako sikunafike pa 7, n'chifukwa chake galimotoyo inkadumpha ngati ngolo m'mabampu. Amakaniko asintha mipira yonse inayi, pano ikungoyenda myaa.

Inu amene munati ndithiremo mafuta a mabuleki, pepani, ndakana. Amenewo amadya marabala a m'kati. Pamafunika a AHC enieni, ngakhale mtengo wake ndi wowawa.