Mosquitto pa Raspberry Pi: ndingatani kuti izidzuka yokha magetsi akabwera?

nyali_zanga analemba:

Moni abale. Ndili ndi Raspberry Pi 4 ya Raspberry Pi OS Bookworm, ndipo ndinaikamo Mosquitto kudzera pa apt kuti izilandira ndi kugawa mauthenga a MQTT (njira imene zipangizo zimatumizirana mauthenga pa netiweki) a ma switch a magetsi oyendera pulogalamu ya Tasmota ndi a Zigbee2MQTT (pulogalamu yolumikiza zipangizo za Zigbee ku MQTT). Ndimailowa pa SSH n'kulemba `mosquitto -c /home/pi/mqtt.conf -v`, zonse n'kuyenda bwino. Koma ndikangotseka terminal nayonso imafa, ndipo magetsi akathima n'kubweranso palibe switch yomwe imalumikizana mpaka nditaiyatsa pamanja. Ena akuti ndiike `@reboot` mu crontab, ndandanda ya ntchito zimene cron imayatsa yokha. Kodi njira yake ndi imeneyo?

port1883 anayankha:

Za crontab zisiyeni achimwene. Cron imangoyatsa pulogalamu kamodzi basi, ikagwa pakati pa usiku palibe woidzutsa. Ntchito imeneyi ndi ya systemd, yomwe imayatsa ndi kuyang'anira ma service pa Pi yanu, ndipo phukusi la apt limabwera kale ndi `mosquitto.service` yake. N'kutheka kuti panopa ikuyenda kale inu osadziwa. Taonani ndi `systemctl status mosquitto`, kenako `sudo ss -ltnp | grep 1883`.

Mukaona 127.0.0.1:1883, nkhani ndi iyi: kuyambira pa Mosquitto 2.0, ngati simunaiuze listener (mzere wonena port yoti izimvetserapo), imangomvera mapulogalamu a m'kompyuta momwemo, za pa netiweki siizimva. Service imawerenga `/etc/mosquitto/mosquitto.conf` ndi mafayilo onse othera ndi `.conf` a mu `/etc/mosquitto/conf.d/`. Fayilo yanu ya ku `/home/pi` siyikuidziwa n'komwe.

Choncho imitsani ija yapamanja ndi Ctrl+C, apo ayi ziwirizi zidzalimbirana port imodzi n'kukupatsani `Address already in use`. Kenako pangani `/etc/mosquitto/conf.d/nyumba.conf` yokhala ndi izi:

```
listener 1883
allow_anonymous false
password_file /etc/mosquitto/passwd
```

Pasiwedi muipange chonchi:

```
sudo mosquitto_passwd -c /etc/mosquitto/passwd tasmota
sudo chown mosquitto:mosquitto /etc/mosquitto/passwd
sudo chmod 600 /etc/mosquitto/passwd
sudo systemctl enable mosquitto
sudo systemctl restart mosquitto
```

Chenjerani ndi `-c` ameneyo. Amapanga fayilo yatsopano n'kufafaniza onse amene analimo, ndiye powonjezera dzina lachiwiri musamulembe. Nayenso `chown` si wongokometsera: mukapanga fayilo ndi sudo mwini wake amakhala root, pomwe Mosquitto imayenda ngati `mosquitto`. Ikalephera kutsegula fayilo ya pasiwedi siyidzuka.

nyali_zanga anayankha:

Zikomo kwambiri akulu. Ndasamutsa fayilo yanga, ndipo ndikalemba `restart` ikuyenda bwinobwino. Koma ndikazimitsa Pi ndi router pamodzi n'kuziyatsanso, status ikuonetsa `failed`. Mu log muli `Cannot assign requested address`, ndipo journalctl ikuti `Start request repeated too quickly`. Mzere wanga woyamba ndi `listener 1883 192.168.1.20`.

waya_wa_earth anayankha:

Vuto lili pa mzere womwewo. Mwauza Mosquitto kuti imvetsere pa 192.168.1.20 pokha, koma pa nthawi imene ikudzuka Pi imakhala isanalandire adilesi imeneyo. Magetsi akabwera, Pi imafulumira kuposa ma router ambiri, makamaka ngati ili pa Wi-Fi. Service ya phukusili imangodikira `network.target`, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti adilesi yapezeka. Ndiye Mosquitto ikupempha adilesi yomwe kulibe, n'kugwa.

Uthenga wachiwiriwo ukuchokera kwa systemd. Mu service muli `Restart=on-failure`, ndiye imayesadi kuidzutsanso, koma pakati pa kuyesa kulikonse imangodikira mamilisekondi 100 ngati simunasinthe, ndipo malire ake ndi kuyatsa kasanu m'masekondi 10. Mwayi wonse usanu umatha router isanaphethire n'komwe, systemd n'kugwa ulesi. N'chifukwa chake mukabwera inu pambuyo pake n'kulemba `restart` zimatheka: adilesi imakhala itafika kale.

Chophweka, ndipo ndi chimene ndingalimbikitse pa Pi ya m'nyumba, n'kuchotsa adilesiyo kuti patsale `listener 1883` monga analembera anzathu pamwambapa. Ikatero imamvetsera paliponse ndipo siyidikira router. Palinso phindu lina: mukatchula listener wanu, uja wa localhost satsegulidwanso, choncho ngati Zigbee2MQTT ili pa Pi yomweyo ndipo ikuloza ku `mqtt://localhost`, ndi mzere wanu wakalewo ikanakanidwa.

Ngati pali chifukwa chenicheni chosungira adilesiyo, mwina Pi ili ndi ma netiweki awiri, lembani `sudo systemctl edit mosquitto` n'kuikamo:

```
[Unit]
Wants=network-online.target
After=network-online.target

[Service]
RestartSec=10
```

Pa Bookworm netiweki imayendetsedwa ndi NetworkManager, ndiye onetsetsani kuti `NetworkManager-wait-online.service` ndi ya enabled, apo ayi mizere ya `Wants` ndi `After` ija ilibe ntchito. Komanso kudikirako kuli ndi malire, router ikachedwa kwambiri systemd imapitirira. Wokupulumutsani weniweni ndi `RestartSec=10`, chifukwa ikamayesa pakapita masekondi 10 aliwonse siyingafike pa malire aja, imangoyesabe mpaka adilesi itapezeka. Musasinthe fayilo ya service ya phukusi mwachindunji, apt idzailembanso pa update yotsatira. `systemctl edit` imasunga zanu padera mu `override.conf`.

Pa router, ikani kuti Pi izilandira adilesi imodzimodzi nthawi zonse. Ma switch a Tasmota amasunga adilesi imene munalemba, ikasintha adzakhala akugogoda pakhomo lolakwika.

port1883 anayankha:

Zoona zimenezo. Ndiwonjezere za magetsi, poti ndiwo gwero la funsoli. Mu `mosquitto.conf` ya Debian muli kale `persistence true` ndi `persistence_location /var/lib/mosquitto/`. Musazibwereze mu `nyumba.conf`, mzere wa location ukapezeka kawiri Mosquitto imakana kudzuka. Mauthenga a retained (omaliza amene Mosquitto imasungira olumikizana pambuyo pake) amasungidwa mu `mosquitto.db`, koma fayiloyi imalembedwa pozimitsa mwadongosolo kapena pakatha masekondi 1800. Magetsi akathima mwadzidzidzi, zosintha za mphindi 30 zomaliza zingathe kutayika, ndiye dashboard n'kumaonetsa kuti nyali ikuyaka pomwe inazimitsidwa. `autosave_interval 300` imachepetsa zimenezi kufika pa mphindi zisanu. Kutsika kwambiri kuposa apo sindikuona phindu lake, mungomalizitsa SD card msanga. Pamene magetsi amathimathima, ka UPS (batire yogwira ntchito magetsi akathima) kakang'ono kodyetsa Pi ndi router yomwe kamateteza card kuposa mzere uliwonse wa mu config.

Zigbee2MQTT nayo ikhale ndi service yake, ndipo pansi pa `[Unit]` muike `After=mosquitto.service` ndi `Wants=mosquitto.service`. Dongle yake, kachipangizo ka USB kolankhula ndi zipangizo za Zigbee, muiloze kudzera pa `/dev/serial/by-id/`, osati `/dev/ttyUSB0`, chifukwa nambala imeneyo imatha kusintha mukalumikiza chipangizo china cha USB.

Poyesa, musadalire `restart`. Lembani `sudo poweroff`, zimitsani router, kenako yatsani zonse nthawi imodzi. Mukalowanso:

```
systemctl is-active mosquitto
mosquitto_sub -h localhost -u tasmota -P pasiwedi_yanu -t '$SYS/broker/uptime' -C 1
```

Lamulo lachiwirili lili mu phukusi la `mosquitto-clients`. Mawu a `$SYS` akhale m'ma quote amodziamodzi monga ndalemberamu, apo ayi shell imameza `$SYS` n'kutsala `/broker/uptime`, ndipo mudzangodikira popanda yankho. Zikakanika, `journalctl -u mosquitto -b` ndi `/var/log/mosquitto/mosquitto.log` ndi malo oyamba kuyang'ana.

nyali_zanga anayankha:

Ndachotsa adilesi ija pa listener, ndaikanso `RestartSec=10` ndi `autosave_interval 300`. Ndayesa monga mwanenera, ikuti `active`, ndipo ma switch akulumikizana okha router ikangomaliza kudzuka. Zikomo nonse. Funso la TLS (kubisa mauthenga kuti ena asawawerenge) pa port 8883 ndikalifunsa pa mutu wina.