Kabelu ka lamba kakungolira, ndithandizeni

Akuluakulu odziwa za magalimoto, ndigawireni nzeru. Ndili ndi Toyota Sienta yolowera ku Dar es Salaam, ndipo kabelu kochenjeza za lamba kayamba kulira ngakhale nditamanga lambayo.

Kale kankalira ndikaika thumba la ufa pampando wakumanzere. Zimenezo ndinkazimvetsa, sensa ya mumpandomo imamva kulemera n'kuyesa kuti pakhala munthu. Koma pano vuto lili mbali yanga. Ndikangogunda bampu pa M1, tii tii tii, kanyali kofiira nako n'kuyaka. Ndikakanikiza chitsulo cha lamba m'malo mwake, kamakhala kaye chete.

Makaniko wina akuti angodula waya pansi pa mpando, nkhani yatha. Ndakana. Pansi pomwepo palinso mawaya achikasu a airbag (thumba la mpweya lofufuma pangozi), atalakwitsa bwanji? Komanso mwana wanga amayendetsa galimotoyi, ndipo iyeyo popanda kabeluko lamba samanga, ndimamudziwa.

Ndiye kodi ndi kaswichi ka mokolekera lambamo katha, kapena ndi fumbi chabe loti n'kupopera? Ngati katha, ku Lilongwe kuno amagulitsa pakokha, kapena mpaka ndigule lamba yense?