Magazini ya kalabu ndi nkhani ya mtsikana wopambana

Patironi wa kalabu: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kalabu yathu ya alembi inachititsa mpikisano wa nthano zazifupi, ndipo tinalonjeza kuti zopambana zilowa m'magazini ya dipatimenti semesita ino isanathe. Tsopano mtsikana amene wapambana akukana kuti yake isindikizidwe. Akuti akufuna kuitumiza ku Commonwealth Short Story Prize. Wosindikiza talipira kale theka. Ndimuumirize?

Mayi a ku Mzuzu: Ayi ndithu, musatero achimwene. Mwanayo wawerenga malamulo kuposa inu. A Commonwealth amafuna nkhani yosasindikizidwa, ya mawu 2,000 mpaka 5,000, ndipo kulowa n'kwaulere. Amatsegula pa 1 Seputembala n'kutseka pa 1 Novembala, zotsatira zimatuluka chaka chotsatira. Mukangoiika m'magazini mwamutsekera khomo la mapaundi 2,500 a wopambana chigawo cha Africa, kapena 5,000 a wopambana onse.

Mphunzitsi wa zisudzo: Koma Mayi, ndi angati amafika kumeneko? Ana amalota. Pakadali pano kabuku katuluka kopanda nkhani yabwino koposa, ndipo amene anapereka ndalama za mphotho afunsa.

Mayi a ku Mzuzu: Kulota ndiye ntchito ya kalabu, bambo. Mlembi wa ku Malawi Stanley Kenani anafika m'ndime yomaliza ya Caine Prize, mphotho ya nthano zazifupi za alembi a ku Africa, kawiri, 2008 ndi 2012. Wina akanamuuza kuti akulota?

Patironi wa kalabu: Ndiye bwanji ndimuuze kuti tisindikize, kenako ayese Caine yomweyo?

Mayi a ku Mzuzu: Kumeneko n'zosiyana. Amafuna yosindikizidwa kale, yotumizidwa ndi wosindikiza, ndipo isachepere mawu 3,000. Yake ili ndi angati?

Patironi wa kalabu: 2,300 basi.

Agogo opuma pantchito: Ndiye yankho mwalipeza kale. Koma ndinenepo pang'ono. Writers' Group ya ku Chancellor College itayamba mu 1970, alakatuli ngati Jack Mapanje ndi Frank Chipasula ankakumana kuti awerengerane ndi kudzudzulana, nthawi imene mawu ankatha kumangitsa munthu. Kusindikiza kunkabwera pambuyo. Inu mwaika magazini patsogolo, mlembi pambuyo. Mtsikanayo awerenge nkhani yake pamaso pa anzake tsiku lopereka mphotho, wopereka ndalama aimve ndi makutu ake. M'magazini ikanimo dzina lake ndi nkhani ina ya m'kope mwake. Wolemba chotere sakhala ndi imodzi.

Mphunzitsi wa zisudzo: Apo ndavomera. Koma wina asajambule n'kuponya pa Facebook, mafoni alowe m'matumba. Ndipo chaka chamawa lembani pa fomu yolowera kuti wopambana ali ndi ufulu wochedwetsa kusindikiza.

Patironi wa kalabu: Ndangomuimbira. Ali ndi ina, ya minibasi yofera pa Zalewa, akuti yoyamba ija inaiposa pang'ono chabe. Agogo, mubwera kudzamupatsa envulopu Lachisanu?

Agogo opuma pantchito: Mukanditumizira ya mafuta.