Banja limodzi likadutsa katatu pamalo athu olembera, tilembe kuti ndi mabanja angati?

Kalembera_CD:

Moni nonse. Ndili m'gulu lolemba anthu olowa ndi otuluka m'tauni ya Mocímboa da Praia, m'chigawo cha Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique. Kwa amene simukudziwa, kuno ndi kumene zigawenga zinayambira chiwembu chawo mu Okutobala 2017. Zinalanda tauniyi mu Ogasiti 2020, ndipo asilikali a Rwanda pamodzi ndi a Mozambique anailanditsa mu Ogasiti 2021. Chiyambire pamenepo anthu akhala akubwerera pang'onopang'ono, ena n'kuthawanso kukangomveka mphekesera.

Ife timaima pomwe magalimoto amatsitsa anthu, tabuleti m'manja, n'kufunsa mutu wa banja kuti achokera kuti, akupita kuti, alipo angati, ndipo ulendowo ndi wa chiyani. Sabata ikatha timatumiza ziwerengero ziwiri, mabanja olowa ndi mabanja otuluka. Akuofesi amachotsera otuluka pa olowa, zotsalazo n'kulemba kuti ndi mabanja amene abwerera kwawo.

Apa mpamene mtima wanga sukukhazikika. Bambo amachokera ku Mueda yekha kudzaona ngati nyumba yake idakalipo. Timalemba kuti banja lalowa. Kenako amabwerera kukatenga mkazi ndi mwana wakhanda, koma amanyamuka m'bandakucha ife tisanafike, ndiye kutuluka kwake sikulembedwa. Akafika atatuwo, banja linanso lalowa. Ana asukulu amatsala kumsasa wa othawa nkhondo mpaka teremu ithe, n'kudzabwera ndi agogo awo, limenelo banja lachitatu. Papepala mabanja atatu, pansi pano khomo limodzi. Inu amene munagwirapo ntchito yotereyi mumatani? Tisinthe mafunso, kapena cholakwika ndi masamu akuofesiwo? Ndimaganizanso zoyamba kulemba nambala za foni kapena za ziphaso kuti tizidziwa obwereza.

MayiKaundula:

Achimwene, zonse ziwiri zikufuna kukonza, koma chachikulu ndi masamuwo. Chimene mumagwira pamsewu ndi maulendo. Kuchuluka kwa anthu ogona m'tauni ndi nkhani ina, ndipo sikupezeka pochotsera. Zili ngati kuwerenga makapu amene mwathira mumtsuko wong'aluka n'kumalengeza kuchuluka kwa madzi osasuzumiramo.

N'chifukwa chake bungwe la United Nations loona za anthu osamuka la IOM, m'ndondomeko yake yotsatira anthu othawa kwawo yotchedwa DTM, limalekanitsa ntchito ziwirizi. Pali kulemba mwachangu anthu amene akuyenda pa nthawi ya zovuta, ndiye palinso kalembera wa nthawi ndi nthawi wolowa m'midzi ndi m'madera a m'tauni, kufunsa atsogoleri a kumaloko kuti panopa muli anthu angati. Woyambayo amakuuzani komwe anthu akulowera komanso ngati akuchuluka kapena kuchepa poyerekeza ndi sabata yatha. Wachiwiriyo ndiye amayankha funso limene akuofesi kwanu akufunalo. Ngati gulu lanu lilibe wachiwiriyo, musalole kuti woyambayo azisenza katundu amene si wake.

Pa mafunso, ine ndikanasiya kuwerenga mabanja n'kumawerenga anthu, amuna, akazi ndi ana paokha. Banja pa kalembera ndi anthu odyera mumphika umodzi, koma nkhondo imamwaza mphikawo. Bambo wamitala amene mkazi wake wina ali ku Montepuez, wina ku Pemba, likulu la chigawochi, ndi mutu wa mabanja angati? Mwana wamasiye amene akuyenda ndi azakhali ake, mumulemba kwa ndani?

Kenako muonjezere mafunso ochepa. Funsani ngati aka n'koyamba kubwera chithawireni. Funsani ngati alipo a m'nyumba mwawo amene anafika kale m'tauni, ndi amene atsala m'mbuyo, angati, kuti. Funsaninso kuti akuganiza zokhala nthawi yotalika bwanji. Funso la amene anafika kale lija ndi limene lingathetse chitsanzo chanucho, chifukwa mayi ndi khanda aja alembedwa ngati odzaphatikana ndi banja lomwe lilipo kale, osati banja latsopano. Musachulutse kuposa pamenepo. Munthu amene watsika pa lole atasenza matiresi sangakupatseni mphindi khumi.

Wakugombe:

Ndionjezere pa zimene anena mayiwa. Bambo wonyamuka m'bandakucha uja musamutenge ngati tsoka la tsiku limodzi. Kutuluka kumasowa m'mabuku nthawi zonse kuposa kulowa, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Obwerera amabwera masana, pagalimoto, pamsewu waukulu wodzera pa Awasse, ali ndi katundu wooneka. Othawa amachoka usiku, wapansi, kudzera m'tchire kapena pabwato, ndipo tsiku limene akuthawa ambiri ndi lomwelo limene inu olemba mwauzidwa kuti musapite pamalo anu.

Kumbukirani pamene zigawenga zinaukira tauni ya Palma pa 24 Malichi 2021. Palibe anaima ndi tabuleti pachipata kuwerenga otuluka. Anthu anadziwika kumene anakafikira: ena pagombe la Paquitequete ku Pemba atayenda pamadzi masiku angapo, ena ku Nangade ndi ku Mueda atadula tchire, ena anawolokera ku Tanzania n'kubwezedwa kudzera pa Negomano. Ambirimbiri anakakamira ku Quitunda, pafupi ndi malo a ntchito ya gasi ku Afungi, komwe sanawerengedwe bwino kwa nthawi ndithu. Chiwerengero chinkakwera kwa milungu yambiri chiwembucho chitachitika, osati chifukwa anthu ankangothawa kumene ayi, koma ankafika mochedwa pomwe panali olemba.

Ndiye otuluka mu Mocímboa muziwafunsira kwa anzanu olemba ku Mueda, ku Palma, ku Ibo ndi ku Pemba. Aliyense amene wafika kumeneko n'kunena kuti usiku wapitawo kapena sabata yatha anagona ku Mocímboa, ameneyo ndi wotuluka wanu. Ndipo ngati mulibe munthu kudoko, asodzi onse ndi mabanja awo akukudutsani kumbuyo.

Kalembera_CD:

Zikomo amayi, zikomo achimwene. Kudoko tili ndi munthu koma wa m'mawa wokha, pomwe mabwato amatsata mafunde osati wotchi. Ndikazinena. Nanga za nambala za foni ndi ziphaso zija?

Nachisale77:

Zimenezo zisiyeni, bambo. Poyamba, ambiri ziphaso zawo zinapsa kapena zinatayika pothawa, ndipo foni imodzi imayenda m'manja mwa anthu asanu. Obwereza simuwagwira onse. Koma choopsa n'chakuti mukhala mwapanga mndandanda wa mayina osonyeza amene analowa liti, kuchokera kuti. M'dera lomwe mnyamata amatha kukayikiridwa kuti anali kutchire ndi zigawenga chifukwa chongofika mochedwa, mndandanda wotere ukagwera m'manja mwa aliyense wonyamula mfuti, wa mbali iliyonse, munthu akhoza kusowa. Tabuleti imalandidwa pa rodibuloko. Zimene simunalembe palibe angazilande.

Palinso china chimene sichinatchulidwe. Mayankho amene mukulandirawo, anthu amayamba aganiza kaye kuti apita kwa ndani. Mayi amene dzina lake lili pa kaundula wa chakudya kumsasa ku Montepuez sangakuuzeni kuti wabwereratu, poopa kufufutidwa. Anena kuti wangobwera kudzaona abale. Wina akamva kuti m'tauni muyamba kugawidwa zinthu kwa obwerera, anena kuti wabwereratu pomwe Loweruka akukwera galimoto kubwerera kumsasa. Sindikuwadzudzula, nanenso ndikanatero. Chofunika n'chakuti musanafunse kanthu munene momveka kuti kulembaku sikulowetsa kapena kuchotsa munthu pa thandizo lililonse, ndipo munene m'chilankhulo chake. Munthu wa kugombe wolankhula Kimwani akafunsidwa m'Chipwitikizi, kapena ndi munthu amene akumuona ngati wa mbali ina, ayankha mwachidule kuti adutse basi. M'gulu lanu mukhale olankhula Kimwani, Chimakonde ndi Chimakua, komanso akazi, chifukwa amayi ambiri sauza mwamuna wachilendo kuti kunyumba kulibe bambo.

Wakugombe:

Pa mayina ndikugwirizana nanu achemwali. Koma kakhadi kopanda dzina, kongokhala ndi nambala, koti munthu azionetsa akamadutsanso, sikangathandize?

Nachisale77:

Kakhadi kalikonse kochokera m'manja mwa munthu wovala jekete ya bungwe, anthu amakatenga ngati kolandirira chakudya. Mawa lake mupeza mzere pamalo anu wa anthu oti sanayende ulendo uliwonse, ndipo sabata isanathe makhadiwo ayamba kugulitsidwa. Funso lapakamwa la MayiKaundula lija, loti aka n'koyamba kapena ayi, n'lokwanira.

MayiKaundula:

Chomaliza kwa ine, achimwene, muyang'ane mwezi. Mvula ikayandikira, cha mu Novembala, olowa achuluka chifukwa anthu akubwera kudzakonza minda, ndipo ena a iwo akangodzala abwerera kumsasa. Sukulu zikatsekera mu Disembala ana achuluka. Muzilemba zimenezi pansi pa ziwerengero zanu sabata iliyonse, ngakhale mzere umodzi, pamodzi ndi maola amene munalipo ndi masiku amene simunagwire ntchito. Owerenga lipoti ku Pemba kapena ku Maputo akaona mawu oti mabanja abwerera kwawo, amayamba kuchepetsa thandizo kumisasa, pomwe agogo ndi ana aja adakali komweko. Pemphani akuofesi kuti pamutu pa ziwerengerozo alembe kuti ndi anthu amene anaonedwa akulowa pamalo akutiakuti, kuyambira ola lakuti mpaka lakuti.