M'mimba ndi msana kupwetekabe kamwazi atatha: zomwe zapezeka

Zikomo nonse amene munayankha funso langa lija, la m'mimba ndi msana kupwetekabe nditamaliza mankhwala a kamwazi. Ndinatsatira amene munati ndibwerere kuchipatala, ndisagule maantibayotiki ena pa golosale.

Anayeza chimbudzi ndi mkodzo, popeza ululu wa m'mbali mwa msana umathanso kuchokera ku impso. Sanapeze vuto. Adokotala anati mkati mwa matumbo mumatenga masabata angapo kuti muchire, ndipo panthawiyi mkaka sugayika bwino, n'chifukwa chake mimba imatupa ndi kupotokola.

Ndinasiya mkaka kwa masabata awiri, n'kumadya phala, mpunga ndi nthochi pang'onopang'ono. Bulufeni ndinamusiya chifukwa amapsereza m'mimba, ndikumwa panado. ORS (mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi) akasowa, sungunulani masipuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Pano m'mimba mwaleka, msana ukungomveka m'mawa.

Mukaona magazi m'chimbudzi, thupi likatenthanso, kapena mkodzo ukachepa, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Maondo akatupa kapena maso akafiira patatha sabata imodzi mpaka 4, auzeni adokotala za kamwaziyo, chifukwa amatha kuyambitsa nyamakazi.