Zomwe ndapeza pa nkhani ya laputopu yotsitsidwa mtengo ija

M'mbuyomu ndinafunsa ngati n'kwanzeru kugula laputopu ya RAM (memori imene kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu) ya 4GB imene inatsitsidwa mtengo kwambiri, kapena kuwonjezera ndalama n'kugula ina ya 8GB. Tsopano ndasankha ya 8GB, ngakhale kuti kuchuluka kwa RAM sikunali chifukwa chachikulu.

Nditaiunika bwino yotchipa ija, ndinapeza kuti RAM yake inamatiridwa pa bolodi, moti n'zosatheka kuiwonjezera m'tsogolo, ndipo malo osungira mafayilo anali eMMC ya 64GB, yomwe gawo lake lalikulu limadyedwa ndi Windows yokha. Chimene chinandibweza m'mbuyo kwenikweni ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) yake ya Intel ya m'badwo wa 7, chifukwa Windows 11 kawirikawiri imafuna kuyambira m'badwo wa 8, pomwe Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mu Okutobala 2025. Zikuoneka kuti mtengowo unatsika chifukwa makinawo atsala pang'ono kutha ntchito.

Imene ndagulayi ili ndi SSD (malo osungira mafayilo othamanga kuposa eMMC), ndipo batire lake ndinaliyesa polemba mu Windows lamulo lakuti powercfg /batteryreport, lomwe limaonetsa mphamvu imene linali nayo lili latsopano komanso imene latsala nayo panopa. Mabatani ake ndi olimba pang'ono polemba, koma zimenezo ndingathe kupirira.